Womasulira wa ku Braamfontein

Lachiwiri lililonse ndimakwera masitepe makumi anayi
kukabwereketsa lilime langa kwa maloya.

Lero kwabwera Twaibu wa kwa Jalasi.
Wavula chipewa, wachipinda pabondo.
Dzanja lake lamanja latsala ndi zala zitatu.
Akuti makina odulira nsalu, kuseri kwa Fordsburg,
akuti bwana anamanga balalo ndi nsanza,
nam'patsa marandi mazana awiri
nati, kuchipatala usayerekeze, mapepala ulibe.

Ndikumasulira.
Mawu ake akawoloka m'kamwa mwanga
akufika tsidya linalo ataonda.

Mayi Sithebe aika cholembera pansi.
Pepani, akutero, koma iyi ndi nkhani ya munthu mmodzi.
Khoti limafuna tsiku, chidindo,
dzina m'kaundula wa antchito.

Mtima unandikwera kukhosi.
Kenako ndinakumbuka chimene chinandibweretsa kuno.

Inenso ndinabwera pa nkhani ya munthu mmodzi.
Msuweni wanga Saulosi anatsika basi pa Linthipe
ndi jekete yachikopa, wailesi ya mizindaphokoso iwiri,
chaka chisanathe nyumba yake inavala malata.
Mudzi wonse tinawerenga Saulosi,
tinam'werenga m'mawa, tinam'werenga madzulo,
mpaka mmodziyo anakwana khamu.
Palibe anawerenga asanu amene ananyamuka naye:
wina anatsekeredwa ku Lindela,
wina anabwera m'bokosi pangolo ya basi
pakati pa firiji ndi matayala a eni ake,
atatuwo mafoni awo anangoleka kulira.
Wosabwerera safotokoza za ulendo.

Ndiye mayiwa sakunama, ayi.
Nkhani imodzi inandigulitsa mbuzi zanga zonse.

Komabe zala ziwirizo zili kuti?

Ndinagula kope ya marandi asanu pa Park Station.
Loweruka ndimazungulira Mayfair,
m'magaraja mogona anthu asanu ndi mmodzi,
ndimakhala pa ndowa, kumvetsera.
Felesiya, chala chachikulu.
Ajibu, nsonga zitatu, nyengo yozizira.
Mnyamata wina wa ku Ntaja wakana kutchula dzina,
wangotulutsa dzanja m'thumba.
Anthuwa sadziwana, anagwira zaka zosiyana,
koma aliyense, ndisanam'funse,
amatchula makina a pakona, opanda chotchinga,
ndi wailesi:
akuti munthu akakuwa, bwana amakweza wailesi.
Bodza limakonda zinthu zikuluzikulu,
silikumbuka wailesi.

Che Mbwana okha anandisokoneza.
Akuti bwana yemweyo anawalipirira basi
amayi awo atamwalira ku Namwera,
akuti ndi munthu wa chifundo, ndimusiye.
Dzanja langa linakana kulemba zimenezo.
Ndinalikakamiza.
Ndikayamba kusankha nkhani zondikomera
ndasanduka Saulosi wa jekete yachikopa.

Miyezi inayi. Kope yada m'mphepete.
Mayi Sithebe akuitsegula, akuwerenga osaphethira,
khofi wawo wachita kuzizira.
Izi sizinakwanebe, akutero,
koma tsopano ndikudziwa chitseko choti ndigogode,
ndi pakona pamene woyendera mafakitale akayang'ane.
Kaya tidzapambana, sananene.
Inenso sindinawonjezere pomasulira.

Potsika masitepe Twaibu anandigwira mkono.
Achimwene, andikhulupirira?
Ndinati, simuli nokhanso,
ndinu wachisanu ndi chinayi.

Anaima pakati pa masitepe, nayamba kuwerenga.
Dzanja lamanzere: Felesiya, Ajibu, wa ku Ntaja uja,
ndi ena awiri amene ndinam'tchulira.
Lamanja: chimodzi, ziwiri, zitatu.
Zala zinam'thera
iye mwini asanadziwerenge.

Panja matekisi anali kuimba mahutala,
wogulitsa mapeyala akukalipira njiwa.
Ndinatambasula dzanja langa
n'kumubwereka chala chimodzi.